Pepala limene silinabweze bambo

M'sutikesi yanga ya malata, pansi pa ziphaso za ubatizo ndi makalata a penshoni, muli pepala lozungulira, kukula kwake ngati kukamwa kwa kapu. Linali loyera, tsopano lafiira ngati fodya wouma. Pakati pake pali banga la dothi, ndipo m'mphepete mwalembedwa ndi pensulo kuti "Chitsime cha kudambo". Mawu otsatira palibe, mbali imeneyo inang'ambidwa. Ana anga amandiseka kuti ndimasunga zinyalala. Aseke. Ine ndinaona munthu akuthamangitsidwa pamudzi popanda mboni ngakhale imodzi, ndiye chilichonse cholembedwa sinditaya.

Linali dzinja limene ndinali Folomu 2. Tinkakhala m'tsinde mwa phiri, cha ku Nazombe, kwawo kwa mayi, bambo ali mkamwini. Pokhala mtsikana wamkulu, ntchito yotunga madzi akumwa inali yanga. Lamulo la mayi linali lomveka: akumwa azichokera kukasupe, kumtunda kumene madzi amatuluka pansi pa mwala. A pachitsime cha kudambo, kumunsi kwa khola la ng'ombe za amalume, anali ochapira basi. Koma kukasupe kunali kutali, njira yake yoterera, ndipo kusukulu wochedwa ankakumba chitsa anzake ali m'kalasi. Choncho masiku ambiri ndinkangotsetserekera kudambo. Madzi ake ankaoneka mbee, mpaka ndinkadziona nkhope mundowa. Ndinkawathira mumtsuko, n'kuvindikira, n'kuliyatsa liwiro la kusukulu.

Mlongo wanga anali khanda la miyezi isanu ndi inayi. Anali atayamba phala, ndipo madzi ankamwa pasupuni, akumenya supuniyo ndi timano tiwiri. Anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri. Pofika Lachisanu liwombo lake linali litalowa ngati pamene chala chadinda dothi lonyowa, ndipo ankalira popanda misozi. Loweruka tinamuika.

Bambo anali atangobwera kumene kuchokera ku esiteti ya tiyi kuseri kwa phiri, kumene anagwira ntchito miyezi iwiri. Maliro atatha amalume anasonkhanitsa akuluakulu pansi pa mtengo wa mango, nagamula kuti mwanayo anatsemphedwa. Ankatanthauza kuti bambo anayenda ndi akazi akunja, n'kubwera kudzanyamula khanda, ndiye khandalo linafa. Bambo anakana, analumbira, anagwada. Amalume anangoti, "Mkamwini salumbira pamudzi pa eni." Ndilembe pano, popeza palibe analemba tsikulo: dzina la mkazi wakunjayo silinatchulidwe, ndipo palibe amene anafunsidwa ngati anaona kanthu. Bambo anatenga bulangeti, khasu ndi wailesi yawo. Anandigwira paphewa, anati ndilimbikire sukulu, nakwera njira ya kuphiri.

Patapita masabata atatu aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti aliyense abweretse madzi m'botolo. Anali wachinyamata wa kuchigawo chapakati, ndipo ankaseka mmene timakokera Chichewa ife Alomwe, koma ankaphunzitsa ndi mtima wonse. Anati, "Kumene mumatungadi, osati kumene mumanena kuti mumatunga." Ine ndinatunga kudambo.

Anandandalika mabotolo pawindo. Ena anali a mumtsinje, ofiira ngati tiyi wamkaka, ndipo eni ake tinawaseka. Langa linali loyera kuposa ambiri, ndinanyada. Aliyense analandira pepala losefera, n'kulemba m'mphepete dzina la malo ndi dzina la wotunga. Tinalipinda, kuliika mu fanelo, n'kuthira madzi pang'onopang'ono. M'kalasi munkangomveka madontho. Nditalifunyulula langa, pakati panali banga. Kenako aphunzitsi anatenga dontho la zotsalira pansi pa botolo langa, naliika pa kagalasi pansi pa maikulosikopu. Sukulu yonse inali ndi imodzi yokha, ya kalilole wolandira dzuwa. Ndinatsinzina diso limodzi. M'kadontho kameneko munali piringupiringu, tinthu tikuthamanga, tina tikuzungulira ngati tataya njira.

Anandifunsa chimene chili kumtunda kwa chitsimecho. Ndinati khola. Anajambula pabolodi khola, mvula ndi muvi wotsetsereka, nafotokoza kuti kumene ndowe zalowa kumakhalanso tizilombo tina tosaoneka ngakhale pa makina athuwo. "Maso samwa madzi," anatero, "imamwa ndi mimba." Anatchula zizindikiro pa mwana: kutsegula m'mimba, liwombo kulowa, kulira kopanda misozi. Ndinapezeka ndaimirira. Ndinafunsa ngati madzi otere angaphe khanda. Anati masiku ochepa okha akwana. Anakondwa kuti mtsikana wafunsa funso, ndipo nditapempha pepalalo anandipatsa.

Aphunzitsiwo sindiwadzudzula chifukwa chonena zoona. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sanafunse kuti mwana uyu wafunsiranji. Anandipatsa khala lamoto m'manja, osandiuza ponyamulira. Ndikudziwanso tsopano kuti banga la dothi papepala limodzi si umboni wokwanira. Koma unali umboni wochuluka kuposa umene unachotsa bambo pamudzi.

Ndinathamanga njira yonse, pepala lili m'kati mwa kope kuti lisanyowe. Mumtima ndinali nditamaliza kale mlandu: amalume aona pepala, atuma munthu ku esiteti, bambo abwera chimanga chisanaume. Wolakwa kwa ine anali chitsime, mwinanso khola. Sindinaganize zopitirira pamenepo.

Ndinapeza mayi pakhonde akusadzula nkhwani. Kuyambira pa maliro anali asanadzole mafuta, ndipo mkaka unali ukadali kunyowetsa bulauzi yawo. Ndinafuula ndisanakhale n'komwe pansi.

"Mayi, bambo sanalakwe! Mwana uja anafa ndi madzi a kudambo. Onani! Ndikukawaonetsa amalume."

Anapukuta manja pachitenje, nalandira pepalalo. Sankadziwa kuwerenga. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza ndi chikhadabo.

"Apa palembedwa chiyani?"

"Chitsime cha kudambo."

"Nanga apa?"

"Dzina la wotunga. Langa."

Anang'amba mbali imeneyo, mosamala ngati akuchotsa minga pa tsamba la nkhwani, nalowa kukhitchini kukaiponya pamoto. Chotsalacho anachimanga pamfundo ya chitenje. Atatuluka anandiyang'ana m'maso.

"Nyumba ino imamwa madzi a kukasupe. Wamva? Aliyense akakufunsa, timamwa a kukasupe."

Ndinalira, ndinapondaponda pansi. Ndinawauza kuti ndi osaphunzira, kuti amaopa achimwene awo kuposa mmene ankakondera amuna awo. Mawu amenewo ndinawanena ndine, ndipo ngakhale sanalembedwe paliponse sanafufutike. Mayi sanandimenye. Anakhala pansi n'kupitiriza nkhwani wawo.

Kuyambira tsiku lotsatira anandilanda ndowa. Ankakwera okha kukasupe, n'kubwera miyendo ili matope okhaokha, ndipo madziwo ankawawiritsa ngakhale nkhuni zinali zonyowa. Madziwo ankamveka utsi. Ine ndinkafika kusukulu nthawi yabwino, koma sindinawalankhule bwinobwino mpaka tinakolola. Kwa amalume sindinapite, popeza popanda pepala ndinalibe poyambira. Bambo sanabwerenso. Anakwatira kuseri kwa phiri komweko, ndipo ndinawaona kawiri kokha asanamwalire. Anapita kumanda ndi dzina la munthu amene anapha mwana wake.

Pepalali ndinalipeza mayi atamwalira, m'buku lawo la nyimbo limene ankapita nalo kutchalitchi ngakhale sankaliwerenga. Ndinali kale ndi zidzukulu. Ndinakhala pamphasa ya maliro ndikulitembenuza, chala changa chikuyenda pong'ambika paja, ndipo m'pamene ndinamva funso limene amalume akanafunsa pansi pa mango paja, anthu onse akumva: "Nanga anatunga madziwo ndani?"

Madzi a kukasupe amazizira mpaka m'mano. A kudambo sazizira. Mayi ankamwa mumtsuko womwewo tsiku lililonse, ndiye ankadziwa kuyambira kale, n'kumangokhala chete kuti mwana wawo asakumbe zitsa kusukulu. Tsiku lija pakhonde anali ndi mwamuna kuseri kwa phiri ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu patsogolo pawo, ndipo pepala likanatha kupulumutsa mmodzi yekha. Ine ndinkaona ngati akuwononga umboni wa bambo. Sindinkadziwa kuti chimene chinkapsa pamoto paja linali dzina langa.