Tsiku Limene Lipenga Linkangotaya Mpweya

Amuna anga ankaimba lipenga mu bandi ya kutchalitchi, ndipo anali ndi chikhulupiriro china chimene chinkanditopetsa. Ankati mauthipisi, kachitsulo koika pakamwa kaja, kali ndi mbali yake imene kamalira bwino. Anzawo ankawaseka kuti chinthu chobulungira chilibe kumaso, koma iwo osamva. Mpaka anatenga penti wanga wa m'zikhadabo n'kuikapo kadontho kofiira, kuti kaziloza kumwamba nthawi zonse.

Loweruka lina m'mawa ankakonzekera kukaimba ku ukwati ku Chichiri. Ine ndinkachapa kuseri kwa nyumba yathu ku Chimwankhunda, iwo ali pakhonde. Tsikulo lipenga silinkalira. Linkangoti fuu, kenako zii, kenako fuu.

"Mayi, mwagwiranso lipenga langa?" anaitana.

Ndinapita ndi thovu m'manja, nditakonzeka kukangana. Ndinawapeza akupotokola kachitsulo kaja, kadontho kumanja, kuyesa, kadontho pansi, kuyesanso. Mkwiyo unandithera pomwepo. Mlomo wawo unali utagwa mbali ya kumanzere, malovu akutsikira pa kolala ya yunifolomu yoyera, iwo osadziwa. Mpweya sunkalowa m'lipenga, unkathawira pambali.

Azakhali anga ku Nsanje anayamba chonchi, ndipo sanadzukenso pamphasa.

"Bambo, siyani. Tiyeni kuchipatala."

"Chipatala cha chiyani? Ndi kachitsuloka, kasuntha." Mawu ankatuluka olemera, ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Ndinapempha, ndinakalipa, ndinalira. Iwo kumangopotokola. Makani a munthu uja ndinali nditawazolowera, koma apa ndinkaopa ngakhale kuwalanda lipengalo, kuti mwina adzuka mwaukali n'kugwa pasimenti. Ndinathamangira kuchipinda, n'kuchotsa galasi pakhoma, n'kuwaikira kumaso.

Anadziyang'ana nthawi yaitali. Anakweza mlomo ndi chala, atausiya unagwanso. Kenako anaika lipenga pampando, ndipo kugonja kumeneko kunandiopsa kuposa makani aja.

Aneba athu okhala ndi galimoto anali atalawirira ku Limbe. Tinayenda mpaka pasiteji, amuna anga akukoka mwendo, dzanja lili paphewa panga, chinthu chimene sanachitepo pamsewu. Mu minibasi ndinkangowayang'ana pachifuwa kuti ndione ngati akupuma. Dalaivala ankaima paliponse kudikira anthu amene sanatseke n'komwe zitseko za kwawo, ine ndikumutukwana chamumtima.

Amuna anga anali munthu wa mawu aakulu, ndipo pa ulendo uliwonse wouza kondakitala potsikira ankakhala iwo. Titayandikira chipatala chachikulu anatsegula pakamwa mwachizolowezi. Zimene zinatuluka sizinali mawu. Anayesanso, koma zinali zomwezo.

Kondakitala anaseka. "Madala, mwayamba m'mawa bwanji? Mwavala za kutchalitchi koma mwaiphula kale!" Ena anaseka nawo, kuseka munthu amene sanalawepo mowa chibadwire.

Amuna anga anatembenukira kwa ine ndi maso a mantha amene sindinawaonepo, n'kundikoka chitenje. Ndinamenya denga la minibasi ndi chikhatho.

"Wotsika pachipatala! Imani, ndikuti imani!"

Madokotala anati ndi sitiroko. Anachira, ndipo amayenda ndi ndodo. Koma kuyambira tsiku limenelo, mu minibasi, kubanki, ngakhale popempherera chakudya, wolankhula ndine.