Tebulo limene ndinalonjeza Tadala

Basi ya ku Indianapolis inanyamuka ku South Bend eyiti koloko m'mawa, Loweruka lina la mu Febuluwale chaka cha 2016. Kunja kunali chisanu cholasa m'mafupa. Galimoto yathu inali kugalaja, amuna anga anali pa shifiti, ndiye ndinalipira madola makumi atatu a ine ndi theka lake la mwana wanga Tadala, nkukhala mipando ya chapakati. Tinkapita ku Beech Grove kwa alamu anga Anabanda, akazi a achimwene anga, kukayesa diresi lomwe ankamusokera mwanayo.

Diresilo linali ndi ntchito yake. Mu Epulo Tadala ankakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo tinali titagula kale matikiti a ku paki yaikulu ya masewera ya ku Florida ija, imene mwana aliyense wa kuno amailota. Pakati pa pakiyo pali nyumba yachifumu, m'kati mwake muli lesitilanti, ndipo atsikana ovala ngati ana a mafumu amazungulira m'matebulo kupereka moni kwa ana. Ine ndi pakamwa pangapa ndinamulonjeza kuti tsiku lake lobadwa adzadyera momwemo. Ndinalonjeza ndisanafunse aliyense. Kwathu lesitilanti umangolowa, nkusamba m'manja, nkufunsa ngati chambo chilipo. Sindinkadziwa kuti kumeneko tebulo amabukitsa kukadali miyezi isanu ndi umodzi, ndipo matebulowo amatha tsiku lomwelo. Chiyambire Khirisimasi ndinali ndikuyang'ana pafoni, pa buleki kuntchito, pamzere kusitolo, ngakhale m'tchalitchi nthawi ya zolengeza. Yankho linali limodzimodzi, kuti malo palibe. Mwana ndinali ndisanamuuze.

Poyamba ulendo wa ku Floridawo unali wa banja lonse. Amayi awo a Anabanda amayenera kubwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona adzukulu awo koyamba, ndipo tonse tikanapita nawo. Koma viza sinatuluke, kachiwiri, ndipo Anabanda ananeneratu kuti popanda amayi awo sakaponda phazi ku Florida. Za vuto langa la tebulo sindinawauze. Anabanda ndi munthu wodziwa chilichonse, ndipo sindinkafuna kumva mawu aja akuti, "Bwanji simunandifunse?"

Msewu wa 31 umangoti tho kulowera kum'mwera, wopanda phiri, wopanda chitunda. Uku ndi uku minda ya chimanga yokololedwa, mapesi akusuzumira m'chipale, popanda ndi munthu mmodzi yemwe woyenda pansi. M'basi munali zii. Kumaliro kwathu kumakhala phokoso kuposa mmene munalili, chifukwa kumeneko timaimbako. Titadutsa Plymouth, Tadala anagona atatsamira zenera, ndipo ine ndinatulutsa foni kuyambanso ntchito yanga ija.

Tsidya lina la kanjira ka pakati kunakhala mayi wachizungu wa jekete yofiirira, wamkulu kwa ine pang'ono. Anasuzumira foni yanga mopanda manyazi, nkuseka, nkutembenuza yake kuti ndione. Chithunzi chomwecho, nyumba yachifumu yomweyo, mawu omwewo akuti malo palibe. Anati amaphikira ana pa sukulu ina ku Mishawaka, ndipo anasunga ndalama zaka zingapo kuti apite ndi adzukulu ake amapasa.

"Koma pakiyo imalandira anthu angati kuti matebulo onse athe chonchi?" ndinamufunsa m'Chingerezi.

"Si kuchuluka kwa anthu kokha," iye anatero. "Ena amagwira matebulo ambirimbiri. Banja limodzi, madzulo amodzi omwewo, limabukitsa kuno, libukitsa uko, libukitsanso kwina. Amati adzasankha nthawi ikayandikira. Kukatsala tsiku limodzi amasiya enawo, salipira kanthu."

Ndinamupempha kuti abwerezenso, poganiza kuti Chingerezi chandiphonya.

"Munthu mmodzi, mimba imodzi?"

"Mimba imodzi."

"Nanga lamulo?"

"Palibe lamulo lomwe akuphwanya."

Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ine kudzuka m'mamawa, kusambitsa nkhalamba za eni tsiku lonse, maso kutupa ndi foni, pamene wina wakhalira matebulo asanu ngati nkhuku yofungatira mazira! Ndinamuuza mayiyo kuti umenewo ndi umbombo, kuti kwathu munthu wotere amamuimba nyimbo pamtondo, kuti ife timaleredwa kugawana ngakhale njere imodzi ya mtedza. Ndinamumasuliranso mwambi uja wa ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma m'Chingerezi pusiyo sanagwe bwino. Mumtima ndinali nditaweruza kale kuti zimenezi ndi za azungu, Mmalawi sangachite. Dalaivala anandiyang'ana pagalasi, ndipo ndinatsitsa mawu.

Mayiyo anandiuzanso njira imodzi imene anthu amachita. Ukadziwa munthu amene ali ndi tebulo losafuna, mumakhala pamodzi, aliyense foni m'manja. Iye akangolisiya, iwe uligwire pompo. "Koma osaphethira," anatero. "Dziko lonse likudikira tebulo limenelo."

Cha m'ma teni koloko tinaima ku Kokomo, pamalo omwetsera mafuta, ndipo dalaivala anatipatsa mphindi khumi ndi zisanu. Ndinagula khofi wa dola imodzi ndi theka, wolawa ngati madzi otsukira kapu. Soseji zomwe zinkagudubuzika pamakina ndinaziyang'ana nkuzisiya, chifukwa sindinadziwe kuti zinayamba ulendo wawo liti. M'chikwama ndinali ndi mandasi ndi ntchafu za nkhuku zokulunga mufoilo. Ndinapatsako mayi uja, ndipo anadya mandasi awiri nkufunsa dzina lake kuti asaiwale. Tadala, amene tulo tinali titamuthera, anamuyang'ana mlendoyo nkulengeza ndi mawu onse: "I'm having my birthday in the castle!" Mayiyo anamuuza kuti zimenezo ndi zabwino kwambiri. Kenako anandiyang'ana ine.

Tinafika m'tauni ya Indianapolis itadutsa hafu leveni. Nyumba zazitali, misewu yothiridwa mchere, anthu oyenda atabisa makosi m'majekete. Mayi uja tinatsanzikana pakhomo pa depoti, aliyense kufunira mnzake mwayi pa tebulo lomwe tonse tinkalimbirana. Anabanda anali atafika kale ndi galimoto yawo yaikulu, imene imanunkhira usipa chaka chonse ngakhale iwo amakana.

"Alamu, mwaonda! Ma shifiti amenewa akuphani," anatero ndisanakhale nkomwe. "Tadala, bwera udzandipatse moni wa kwathu, osati hi."

Ku Beech Grove ndi ulendo wa kotala la ola. Tinyumba ting'onoting'ono tofanana, mbendera pakhonde, chipale chounjikidwa m'mbali mwa msewu. Achimwene anali kuntchito. Titadya mpunga wa nyemba, Anabanda anatulutsa diresi lija. Ndiyenera kuvomera, mkazi ameneyu ali ndi dzanja. Chitenje chabuluu cha maluwa agolide, manja otukumuka, siketi yofufuma mpaka m'mapazi. Tadala analivala, nkuzungulira, nkuthamangira m'chipinda cha pansi kukaonetsa asuweni ake, mapini akadali kumphepete.

Titatsala awiri, zonse zomwe ndinabwera nazo m'basi ndinazikhuthula. Ndinaulula za lonjezo, za tebulo losapezeka, za anthu opanda chisoni amene amagwira matebulo asanu ana a anzawo akulira. Ndinawatchula mayina onse oipa omwe ndinkawadziwa. Anabanda, amene sakhala chete ngakhale m'pemphero, anangochotsa mapini pakamwa mmodzimmodzi.

"Alamu," anatero, "ine ndili nawo sikisi."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

"Sikisi chiyani?"

"Matebulo. Ndinabukitsa mu Okutobala, tsiku lomwe anatsegula. La ku nyumba yachifumu lilipo, pa birthday ya Tadala yeniyeniyo. Ndimafuna ikhale surprise."

Ndinakhala pa mpando womwe panali sizasi. Mbava yomwe ndinaitukwana kuchokera ku Plymouth mpaka ku Kokomo inali itangondidyetsa mpunga wa nyemba.

"Anabanda! Inuyo? Wa mvano ngati inu?"

"Musandikalipire m'nyumba mwanga. Amayi mano anatha, tchizi sadya, zozizira sadya. Ine ndidziwa bwanji chimene adzakonde? Ndinabukitsa kwa nsomba, kwa mpunga, kwa buffet koti munthu amadzitengera yekha. Ndimati akafika adzasankhe okha, asadzagone ndi njala m'dziko la eni."

"Nanga mipando ingati?"

"Teni teni."

"Ife tonse tikanakwana eyiti!"

"Nanga alendo? Inu mukamaphika mumawerenga mitu? Wina akatulukira, anzathu a ku Chicago aja mwina, tidzamuuza kuti aime panja tikudya?"

Kunena zoona, nanenso ndimaphika choncho. Mbale ya mlendo kwathu siifunsidwa. Koma mbale ya mlendoyo imachoka mumphika mwako, ndipo ikatsala ana amadya mkute. Iyi inali mipando ya eni, ndipo mlendo weniweni, mayi wa jekete yofiirira ndi amapasa ake, ndi amene anali panja. Ndinawauza zimenezo, mwina mokweza kuposa mmene zinayenera.

"Komanso viza inakanika, inu simukupita. Mukuwasungira ndani?"

Anabanda anayang'ana makina awo osokera. "Ndikuapulayanso," anatero motsitsa. Tonse tinkadziwa kuti Epulo ali pafupi kwambiri. "Usiku ndikamaliza shifiti ndimatsegula foni, ndimaona dzina la amayi lili pa tebulo. Zaka leveni sindinadye nawo, alamu. Ndikakansela, ndiye kuti ndavomera kuti sabwera."

Mkwiyo wanga unasowa pogwira. Ndinali wokhumudwa ndithu, koma chisoni chinandigwira.

Anapukuta maso ndi kansalu kotsala pa diresi, nkuyambanso kukhala Anabanda wodziwa zonse. "Basi, mukangopita mukanene kuti ndinu ine. Azungu satisiyanitsa."

"Ndi Tadala pambali? Adzakuwa pakhomo pomwepo kuti, 'Mommy, that's not your name!' Mwana ameneyu anandiyalutsapo kale kusitolo."

Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira njira ya mayi wa m'basi, ndipo ndinaifotokoza. Pansi pankamveka Tadala akulamula asuweni ake kuti amugwadire.

"Tulutsani foni," anatero.

Tinakhala pa sofa mapewa atagundana. Ine ndinakonzeratu tsiku ndi malo, chala chili m'mwamba. Iwo chala chawo chinali pamwamba pa dzina la amayi awo.

"Ndakansela! Rifureshani!"

Ndinadina. Kwa nthawi yoyamba chiyambire Khirisimasi, foni inaonetsa malo, hafu faifi madzulo. Ndinakuwa, nkudinanso. Kagudumu ka pafoni kanazungulira, kuzungulira, kenako mawu omwe ndinali nditawaloweza pamtima anabwerera. Pepani, malo palibe.

"Rifureshaninso!"

Ndinadina mpaka chala kuwawa. Tebulo linali litapita. Wina wake, kaya ku Texas kaya kuti, anali ndi chala chofulumira kuposa changa. Tinangoyang'ana foni ziwiri zopanda kanthu. Anabanda anali atapereka mpando wa amayi awo, ndipo Tadala sanaupeze.

Patapita kanthawi anatenganso foni yawo. "Poti tayamba kale, tiyeni tingomaliza," anatero, ndipo anayamba kusiya enawo. La mpunga linapita. La buffet linapita. Lililonse likangotuluka, ndinkayang'ana pa foni yanga ndipo linali litamezedwa kale. Anthu anali pamzere umenewo miyezi yonseyi, osaoneka.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi tinakwera basi ya thuu koloko kubwerera, diresi lili m'pulasitiki pamiyendo ya mwini wake. Ku Kokomo sindinagule khofi. Ndinamukhazika Tadala pabenchi nkumuuza zoona, kuti ku paki tidzapita koma m'nyumba yachifumu sitidzadyamo, ndipo kuti ndinalonjeza chinthu chomwe sichinali m'manja mwanga. Analira mpaka dalaivala kuimba hutala. Basi itanyamuka ankangoyang'ana pazenera. Tikuyandikira Plymouth anafunsa, nkhope ikadali kuzenera, kuti tebulolo analitenga ndani. Ndinati sindikudziwa, koma ayenera kuti ndi mwana wina amene amayi ake anamulonjezanso. Anangokumbatira pulasitiki ija.

Tinatsika ku South Bend kukuyamba kuda, amuna anga akutidikira ndi galimoto yobwereka. Ndinafika ku Beech Grove dzulo lake ndikudziwa bwinobwino kuti wogwira matebulo ambiri ndi wakuba, ndipo mpaka lero ndimati si bwino, chifukwa ndinaona mmene amamezedwera akangotuluka. Koma pali chimodzi chomwe ndinachiona pa sofa paja. Anabanda sanasiye onse. La nsomba lija anangolichepetsa, kuchoka pa mipando teni kufika pa iwiri, dzina lawo ndi la amayi awo, nkuika foni m'thumba mwachangu poganiza kuti sindinaone. Ine amene ndinakalipa basi yonse mpaka dalaivala kundiyang'ana, ndinatola mapini pansi nkuwapatsa, osanena kanthu.