Mapazi Anga M'chigafa

M'zaka za m'ma fifite tinalipo amuna asanu ku Nsaru amene tinasiya mowa, ndipo tinkakumana Lachitatu kuseri kwa tchalitchi. Pangano lathu linali lakuti ku dima, kumene olima amawaphikira mowa, munthu asapite yekha.

A Zakeyu, mmodzi mwa ife, anaitanidwa kukakumba mtedza kwa apongozi awo, ndipo mkamwini sakana. Ine ndinalonjeza kuwaperekeza. Koma kutacha mantha anandigwira. Ndinkadziwa kuti fungo la masese likangondipeza, chipanda ndichilandira ndi manja awiri. Ndinathawira m'chigafa, bambo wamkulu ngati ine, n'kuima pakati pa fodya.

"Kodi a Yohane alipo, mayi?" ndinawamva a Zakeyu akufunsa.

"Apita ku Namitete," anayankha mkazi wanga, monga ndinamuuzira.

A Zakeyu anaima nthawi yaitali, kenako anapita okha.

Lachitatu anaimirira n'kuulula kuti anamwa zipanda zitatu. Mkulu wa mpingo anafunsa kumene kunali wowaperekeza.

"Anali ku Namitete," anatero a Zakeyu, maso ali pa mapazi anga.

M'pamene ndinakumbukira kuti fodya wa m'chigafa salendewera mpaka pansi.