Makakyuleta Oiwalaiwala

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Nkope, kunabwera katoni ya makakyuleta khumi ndi awiri. Anali akale, oti eni ake kunja kuja anatopa nawo, koma sanali makakyuleta wamba ayi. Anali ndi galasi lalikulu lotha kujambula gilafu. M'katoni momwemo munali tizitsulo toyezera kutentha, tangati sipoko ya njinga. Ukalumikiza kachitsulo ku kakyuleta n'kukaviika m'madzi, kakyuletayo imayenera kumalemba yokha kutentha kwa madziwo mphindi iliyonse, kenaka n'kujambula mzere.

Ndati imayenera chifukwa m'kati mwake munalibe kanthu. Pulogalamu yochitira zimenezo inali pachimbale, ndipo kuti ichoke pachimbale kulowa m'kakyuleta pankafunika kompyuta. Ife tinalibe kompyuta, tinalibenso magetsi.

Ahedi anandiitana mu ofesi. "Madamu, zinthu izi si zakuno. Alangizi a maphunziro akubwera pakutha pa mwezi. Akapeza sizikugwira ntchito azitenga, akapereke kusukulu yaikulu ya kuboma, kumene kuli magetsi ndi ana odziwa."

Ana odziwa! Mawu amenewo anandibaya. Ana anga a Fomu 3 ankabwera m'kalasi akununkha nsomba, ena atapalasa bwato kuyambira mbandakucha, ndiye munthu angowalemba kuti ndi osadziwa asanagwire n'komwe chinthucho? Ndinapsa mtima, ndipo sindinabise. Ndinati, "Ahedi, mundipatse masabata atatu otsalawa. Makakyuleta awa sachoka pano."

Loweruka ndinasiya katoni kunyumba, ndinatenga kakyuleta imodzi ndi chimbale chija n'kukwera minibasi kupita kwa Mponda, kumene alamu anga ali ndi kashopu kojambula makalata ndi kusindikiza makadi a ukwati. Anandikhazika pakompyuta yawo n'kuima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno. Tinaika chimbale, tinalumikiza chingwe chachitali, koma kompyuta inakanitsitsa kuti sikuona kakyuleta iliyonse. Tinazimitsa, tinayatsa, alamu mpaka anauzira mpweya pakabowo kolowetsa chingwe.

"Alamu, izi zafa kale. Azungu sataya chinthu chamoyo," anatero akuvala chisoti chawo kuti akaswali.

Atatuluka ndinakankha chingwe chija ndi mkwiyo wanga wonse, ndipo chinalira kuti tswa. Kani nthawi yonseyi chinali chitangolowa theka! Ndinakoka pulogalamu ija pakompyuta n'kuiponya pachithunzi cha kakyuleta, kamzere kanayenda pang'onopang'ono mpaka kudzaza. Alamu pobwera kumzikiti anandipeza nditaviika kachitsulo mu tiyi wawo.

Lamulungu lonse ndinakhala pakhonde ndi chingwe chachifupi, kusamutsa pulogalamu kuchoka m'kakyuleta imodzi ija kupita mu inzake, ngati mmene timapalirana moto nyumba ndi nyumba. Lolemba ndinabweza katoni kusitolo, chipinda chosungiramo katundu wa sukulu, monga lamulo linkanenera.

Lachiwiri ndinalowa m'kalasi mapewa ali m'mwamba. Ndinagawa makakyuleta, ndinauza ana batani loti adine. Pagalasi panalibe kanthu. Makakyuleta onse khumi ndi awiri anali ataiwala pulogalamu ija. Mwana wina kumbuyo anaseka, onse n'kumutsatira. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindidzawaiwala.

Loweruka lotsatira ndinapitanso kwa Mponda. Ndinabwereza zonse, ndinayesa kakyuleta iliyonse kawiri, ndinabweza katoni kusitolo. Lachiwiri, chimodzimodzi. Apa aphunzitsi anzanga anayamba kundipatsa moni wofunsa kuti ana anga oiwalaiwala a m'katoni adzuka bwanji. Ahedi ankangomwetulira, ndipo kumwetulirako kunkandiwawa kuposa chipongwe.

Lachitatu pa buleki ndinapita kukafuna choko. Makiyi a sitolo ankasunga bambo ena achikulire, amene anabwera kuno kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki n'kukhazikika. Sindinawapeze pakhomo, choncho ndinazungulira kuseri. Ndinawaona atanyonyomala pambali pa lata lakale, ndipo palatapo anali atayanika mabatire m'mizere, akuwatembenuza limodzilimodzi ngati usipa pathandala.

"Bambo, mabatire awa ndi a chiyani?"

"Ndi a mawailesi anu aja, madamu," anayankha monyadira. "Batire siligona m'kati, limatha, mwinanso limataya madzi n'kuononga katundu. Ndiye mukangobweza ine ndimachotsa onse, ndimawaotcha dzuwa kuti mphamvu ibwerere, m'mawa wa tsiku lanu n'kubwezeramo. Ife kukampu batire limodzi tinkatha nalo chaka."

Ndinathamangira m'sitolo. Ndinatsegula kumbuyo kwa kakyuleta imodzi n'kupeza kabatire kena kozungulira ngati ka wotchi, katachita dzimbiri. Kameneko ndiye kankayenera kusunga pulogalamu mabatire aakulu akachotsedwa, koma kanafa kalekale. Bambo aja sindinawakalipire. Akanadziwa bwanji? Ngakhale bambo anga ondibala ankachita zomwezo ndi tochi yawo.

Ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti mabatire asamachotsedwe. Anakana. "Ndinawalamula ndine. Akataya madzi m'katimo adzafunsidwe ndani? Katundu wa boma amagona m'sitolo, mabatire ali padera."

"Ndiye mukufuna agone bwino mpaka adzatengedwe?"

"Madamu, samalani pakamwa panu."

Pakamwa ndinasamala, koma manja ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachisanu poweruka ndinalowa m'sitolo masana dzuwa likuswa mtengo, ndinanyamula katoni ija, ndinaisenza pamutu n'kudutsa dala pafupi ndi windo la ofesi kuti asadzati ndinazemba. Ahedi anatuluka akufuula kuti ndiitule. Sindinacheuke.

Ulendo wachitatu wa kwa Mponda alamu sanandiseke. Anandifunira tibatire tozungulira tija mumsika monse, sanatipeze ta saizi yake, choncho tinangoikanso pulogalamu. Kuyambira pamenepo makakyuleta ankagona pansi pa bedi langa mabatire ali momwemo, ndipo akafooka ndinkasintha mabatire a kakyuleta imodzi n'kuibwezera pulogalamu kuchokera mu inzake. Lolemba m'mawa ndinapeza kalata ya chenjezo patebulo langa, yonena kuti ndatenga katundu wa boma popanda chilolezo. Ahedi anati ndikapepesa n'kubweza katoni aing'amba. Ndinasaina kuti ndaiwerenga, basi.

Alangizi anabwera tili pansi pa mtengo wa mango. Tinali titathira madzi ofunda mumtsuko ndi m'ndowa ya pulasitiki, tizitsulo tili m'kati. Ana anaunjikana mitu pamodzi kuyang'ana mizere iwiri ikutsika, wa mtsuko ukutsika mofulumira kusiya unzake. Alangizi anafunsa chifukwa chake. Mtsikana wina wa hijabu, amene chaka chonse anali asanakwezepo dzanja, anagwira mtsuko kunja n'kuwaonetsa chikhatho chonyowa.

"Mtsuko umatuluka thukuta, sala. Thukutalo likamauma limatenga kutentha. Amayi amadziwa kale, koma ine ndaona ndi maso lero."

Alangizi analemba zolemba zawo, anakwera galimoto, katoni inatsala.

Kalata ija ahedi sanaing'ambe, inalowa m'failo yanga. Patapita zaka ndinaitanidwa kukayesedwa kuti andikweze paudindo. Bambo wina wa tayi anaitulutsa, anaiwerenga mokweza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Mayi, mukuvomera kuti munalakwa?"

Ndinkadziwa yankho limene ankafuna, ndipo udindowo ndinkaufuna kwambiri. Ndinati, "Ayi bwana. Zitachitikanso mawa, ndikhoza kuisenzanso katoniyo."

Sanandikweze.