Mapazi awo anayamba kuzizira iwo akulankhula

Anthuni, izi sindinachite kumva kwa munthu, zinandionekera ine mwini, ndipo amene tinakhala nawo ku Chowe zaka zimenezo angandichitire umboni ngati akadali moyo. Maina sinditchula, poti ena ana awo alipo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ija munthu usanalankhule unkayamba wacheuka. Amuna anga anali aphunzitsi, kwathu ndi ku Ntcheu koma ntchito ndiyo inatipititsa ku Choweko. Anali munthu wa thupi lake, wosadwaladwala, moti atayamba kudandaula kuti pachifuwa pakuwalemera ngati wina wawasanjika thumba la chimanga, ine ndinangoti n'chilungulira, n'kuwasungunulira soda m'madzi. Masiku awiri athunthu, ine ndi soda wangayo!

Tsiku lachitatu m'mawa, ali mkati mophunzitsa, anangokhala pansi choko chili m'manja. Amene anathamanga kudzandiitana anali aphunzitsi anzawo, omwe kwa mwezi wonse sankapatsana nawo moni chifukwa cholimbirana uhedimasitala. Ndinakawapeza thukuta lili kamukamu, milomo itatuwa, koma manja ali zii ngati mwala wa mumtsinje. Kodi munthu angachite thukuta chotero uku akuzizira? Mwamwayi bambo ena achisilamu a geni ya nsomba zouma anatsitsa madengu awo pamsewu n'kutinyamula pa lole mpaka kuchipatala ku boma, njira yonse akungoti amayi musalire, inshallah, Mulungu akalola, tifika.

Adokotala atawapima kangapo anandiitanira pakhonde. Anandiuza kuti mtsempha wodyetsa mtima unatsekeka, mbali ina ya mtimawo yafa, ndipo yotsalayo ikulephera kukankha magazi kuti azungulire thupi lonse, n'chifukwa chake miyendo ikuzizira ndipo mkodzo wasiya kutuluka. Kenaka anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu, pajatu masiku amenewo kunena kuti chakutichakuti m'dziko muno mulibe kunali kudziputira. Anati ku Joni kuli kampope kamene amakalowetsa mumtsempha wa pantchafu mpaka pafupi ndi mtima, kamathandiza kupopa magazi kwa masiku ochepa kuti mtimawo upumeko, ndipo mzungu wina wogwira ntchito ku hotela ya ku Makokola anamuthamangitsira kumeneko pa ndege n'kukapulumukira pa kampope komweko. Ine n'kugwada pansi, ndikuti nanga angawa? Anandidzutsa, n'kunena kuti ngakhale ndege ikanatera pakhomo pomwepo, mmene analilimo sakanafika ndi ku Blantyre komwe.

Chimene chimandiopsabe mpaka lero n'chakuti amuna angawo ankalankhula. Anandifunsa kuti ndikuvutikiranji kuwafunditsa mapazi pomwe iwo sakuwamva n'komwe. Ndikawagwira, kuzizira kuja kunali kutafika m'maondo. Patapita kanthawi ndikawagwiranso, kwafika m'chiuno. Munaionapo inu imfa ikukwera munthu pang'onopang'ono, mwiniwake akukuyang'anani m'maso? Anandituma kuti makiyi a kabati ya mayeso ndikapereke kwa aphunzitsi anzawo aja, ndikawauzenso kuti alibe nawo chifukwa. Cha m'ma 3 koloko masana anatisiya.

Maliro atatha, alamu anga, akulu awo a malemuwo, anandikhazika pansi. Amvekere munthu wathanzi sangogwa chabe, wowalodza tikumudziwa tonse, ndiye inuyo mungopita kwa akuluakulu a chipani kukanena kuti aphunzitsi aja amanyoza boma, zotsalazo zichitika zokha. Amene munalipo mukudziwa kuti wotengedwa mwa njira imeneyo kubwerako kwake kunali kwa mwayi. Ndisaname, mtima unandikoka, mpaka ndinamanga mpango kuti ndinyamuke. Koma ndili pakhomo ndinadzifunsa kuti ndi ufiti wanji umene wina amauthawa pokwera ndege n'kukamuika mpope? Ndinabwerera m'nyumba. Alamu angawo anachita kumwalira osandilankhulanso.

Ndimamva kuti masiku ano timipope timeneti anatikonza kukhala tating'ono kwambiri, ngakhale kwa anthu ngati ife tikadali kutali. Chimene ndimakhulupirira ine n'chakuti amuna anga sanalodzedwe, mtima ndi mnofu, umatopa, ndipo masiku awiri aja ndinawataya ndine. Choncho abale anga, munthu akati pachifuwa pandilemera, ululu ukutsikira kumkono, thukuta lili lozizira, musadikire kuti kuche, mutengereni kuchipatala pompopompo. Ndipo Mulungu akamutenga, musathamangire kuloza chala mnzanu. Ine ndinatsala pang'ono kudzetsa maliro achiwiri.