Vayolini Kuseri kwa Khoma

Chaka changa choyamba ku Scarborough, dziko la Canada ndinkalionera pa windo basi. Tinkakhala pamwamba kwambiri m'nyumba zosanjikizana zija. Bambo a mwana ankagwira ntchito pachipatala china mumzinda, kuchoka m'mawa, kubwera atatoperatu. Ine ndi khanda langa tinkatsala ndi makoma. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, Chingerezi changa chinali cha moni ndi zikomo, choncho foni ikalira ndinkangoiyang'ana mpaka itasiya yokha.

Kuseri kwa khoma la kukhitchini kwathu kunkakhala mtsikana woimba vayolini. Sankaimba nyimbo n'kuimaliza ayi. Ankatenga kachigawo kamodzi, kukabwereza, kusiya, kukabwerezanso. Panali malo ena pamene nyimbo inkakwera mothamanga, ndipo pamenepo ankaphonya kawirikawiri. Poyamba zinkanditopetsa. Kenako ndinangozindikira kuti ndayamba kutsuka mbale mwakachetechete kuti ndizimva bwino. Mwana akavuta ndinkamubereka n'kuima pafupi ndi khomalo, iye n'kugona.

Tinakumana koyamba kuchipinda chochapira zovala, pansi pa nyumbayo. Anali wamng'ono kwa ine, wowonda, ali ndi kachipsera kakuda pansi pa chibwano pamene vayolini imakhudza. Analankhula zambiri mofulumira. Chimene ndinatolapo n'chakuti ankapepesa chifukwa cha phokoso. Ndinaloza mwana, ndinaika manja patsaya kusonyeza kugona, tonse tinaseka. Popinda malaya ake ndinaona nsonga za zala zake zakumanzere, zolimba ngati za munthu wa khasu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafuna chinthu chimodzi: kuona ndi maso anga zimene zala zimenezo zimachita kuti mawu aja atuluke.

Tsiku lina mtsikana uja anagogoda n'kundipatsa tikiti, nkhope ili ngwee. Bambo a mwana atabwera anandimasulira. Mtsikanayo anali atawina mphoto ya oimba achinyamata amene angoyamba kumene kudziwika. Opambanawo akaimba muholo ina pakati pa mzinda, Lamulungu masana. Pambuyo pake iye adzapita ku Ulaya kukaphunzira ndi kukaimba ndi magulu akuluakulu.

"Ndiye tipita?" ndinafunsa.

"Lamulungu ndili pa shifiti, amake mwana. Komanso zimenezi n'zogonetsa tulo. Ng'oma palibe, wovina palibe, mumangokhala duu ngati mukudikira dokotala."

"Ndipita ndekha."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Inuyo? Sitima ya pansi pa nthaka ija mukuyesa ndi basi ya ku Ntcheu? Mukamuuze kondakitala kuti akutsitseni pa mtengo wa mango?"

Ine sindinasinthe maganizo. Ataona choncho anandiphunzitsa dzina la siteshoni yotsikira, ndipo ndinkalitchula posambitsa mwana, posita, mpaka linakhala pakamwa.

Za mwana palibe amene anaziganizira. Kwathu mwana woyamwa amapita kumene mayi ake apita: kutchalitchi, kuukwati, kumaliro, kuchigayo. Akalira umam'patsa bere, mwambo n'kumapitirira. Ndinamuveka zofunda, ndinamubereka ndi chitenje changa chatsopano, ndinavala jekete lalikulu la bambo ake pamwamba.

Basi ndinakwera. Sitima ndinakwera, maso ali pa zikwangwani. Ndinatsika pamalo pake penipeni. Potuluka pansi paja kuzizira kunandimenya kumaso, koma ndinkamwetulira ndekha mumsewu.

Pakhomo la holo panaima mayi ena a imvi olandira matikiti. Anamwetulira, anatenga tikiti yanga. Mkatimo munali motentha, choncho ndinavula jekete, ndipo kamutu ka mwana kanaonekera kumsana. Mayi aja anapukusa mutu. Analankhula mofatsa, koma ndinamva: makanda salowa.

"Akugona," ndinayesa m'Chingerezi changa chothyokathyoka. "Salira."

Anapepesa, anapepesanso. Anthu ovala zakuda ankandilambalala mwaulemu. Mawu ena otsutsira ndinalibe, ngakhale ndikanakhala nawo sindikanawatulutsa. Anandilozera benchi yomwe inali m'khonde, ndipo zitseko zikuluzikulu za holoyo zinatsekedwa.

Anayamba ndi wa piyano, kenako wina woimba ndi pakamwa. Ndiyeno ndinamva vayolini. Ndinaidziwa nthawi yomweyo, inali nyimbo ya kukhitchini kwanga. Ndinanyamuka pa benchi n'kukaima pafupi ndi chitseko, mwana ali kumsana, monga ndinkachitira kunyumba. Ulendo wonse uja, basi ndi sitima, ndinadzangopeza khoma lina. Itayandikira malo ovuta aja ndinagwira mpweya. Anakwera, anakwera, anadutsa osaphonya.

M'manja munawombedwa ngati mvula pa malata. Nthungululu inakwera mpaka pakhosi panga. Ndinayang'ana mayi a imvi aja, ndinaimeza. Ndinachoka anthu asanatuluke.

"Zinali bwanji?" bambo a mwana anafunsa.

"Zinali bwino."

Mtsikana uja nditakumana naye mu lifiti, chikepe chotsikira pansi m'nyumba yathu, anandigwira mkono. "Munabwera?"

"Ndinabwera. Ndinamva."

Ndinkafuna kunena kuti, ndiimbireni pang'ono chabe ndione. M'Chichewa mawuwo anali okonzeka. Lifiti inatseguka, iye anathamangira basi.

Sabata yomwe ankasamuka ndinkamva makatoni akukokedwa pansi. M'mawa wa tsiku lomaliza vayolini inalira kamodzinso, mokweza kuposa kale chifukwa m'nyumbamo munalibe katundu. Inali nyimbo yomwe ija. Atadutsa pamalo povuta paja ndinaika mbale pansi, ndinayandikira khoma, ndinaliza nthungululu yomwe ndinaimeza kuholo ija. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Vayolini inasiya. Kenako ndinamva kuseka, ndi kugogoda kawiri pakhoma. Nanenso ndinagogoda.

Masana ake ndinaona pa windo galimoto ikunyamula makatoni, iye atakumbatira chikwama cha vayolini pachifuwa. Amene analowa m'nyumbamo pambuyo pake ankakonda kuonera mpira pa TV. Zala zija sindinazione zikuimba. Kwa nthawi yaitali mwana akavuta ndinkamuberekabe n'kukaima pakhoma lomwelo, ndikumuimbira ndekha kachigawo kaja chapansipansi, mpaka pamene kamakwera, poti pamenepo mawu anga sankafika.