Mpheta za m'mapira mwa mayi

Ndikukumbukira chaka chimene mayi anandikweza pa nsanja m'munda mwathu ku Chapananga kuti ndiziingitsa mbalame. Bambo anali atamwalira, chimanga chitapserera, ndipo chakudya chathu chonse chinali mapira amenewo. Anasankha ine chifukwa cha mawu. Inetu sukulu sindinapite nayo patali, koma mawu ndiye ndinabadwa nawo, funsani aliyense. Ndikakuwa, mbuzi za kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza zinkadzutsa mitu.

Dzuwa likakwera, munda unkachita ngati ukuyandama. Mpheta zinkabwera ngati utsi, kupindika, kutambasuka, mpaka ine kuiwala kuti ndi adani. Ndikati "Haaa!" zonse mwamba. Masiku oyamba ndinali mfumu.

Kenaka zinandizolowera. Ndinkakuwa mpaka kukhosi kuwawa, izo phee pa ngala, kumadya. Madzulo mayi ankagwira ngala zopanda kanthu.

Tsiku lina anadutsa atsibweni anga a Zuze, oimba bangwe pa mowa, chingwe cha mbuzi chili m'manja.

"Mphwanga, ukuzithamangitsa kapena ukuziimbira kuti zidye bwino?"

"Atsibweni, mawu ngati angawa alipo wina kuno?"

"Mawu uli nawo, nyimbo ndiye uli nayo imodzi. Ine pa mowa ndikabwereza imodzi, ngakhale chipanda sandipatsa."

Anakwera pa nsanja. Analira ngati kabawi, mpheta balala. Zitabwerera anaimba mluzu, kenaka anamenya chitini, kenaka nthungululu ngati mayi wa pa ukwati. Ulendo wina anangokhala duu, zitatera ndiye anaomba m'manja kamodzi.

"Uzisunga zambiri m'mimbamo," anatero potsika, "ndipo zisadziwe imene ikubwera."

Ndinayamba kutola. Kulira kwa ng'ombe, nyimbo za pamtondo, kukalipa kwa agalu, zonse ndinkapita nazo pa nsanja. Mbali ya kumtsinje inali itadyedwa kale, koma yotsalayo tinakolola, ndipo inatifikitsa ku mvula yotsatira.

Ndakalamba ndikutsogolera nyimbo za gule wa likhuba m'mabwalo, kuyambira kwathu mpaka ku Nsanje. Anthu amati mkulu uja ndi wa mawu. Zoona, sindikana. Koma ine ndimayang'ana maso a anthu, akayamba kuzolowera ndatulutsa ina. Msodzi ali ndi nyambo zake, mlimi mbewu zake zamitundumitundu. Amene ali ndi imodzi, ngakhale ikome bwanji, tsiku lina adzaimba anthu akukambirana zawo.